Miyala ya Che Asani

Uthenga wa imfa ya Che Asani unandipeza pamsika wa pa boma ku Mangochi. Anandiuza ndi mayi wina wogulitsa nyemba, wochokera kumalire, amene anandizindikira ine ndisanamuzindikire.

"Si inu a Dotolo a Che Asani? Anatisiyatu akulu aja. Taika mwezi wathawu, tsidya lija."

Ndinafunsa ngati anadwala nthawi yaitali. Anati chinali chifuwa basi, ndipo kumanda kunali anthu ochepa, chifukwa kumudzi kumene anabwererako nkhondo itatha kunalibenso wowadziwa. Kenako anandifunsa ngati ndikufuna nyemba zofiira kapena zoyera. Ndinagula zofiira.

Ine si dotolo. Ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala china cha mishoni, kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'munsi mwa mapiri opita ku Mozambique. Udotolowo anandipatsa ndi Che Asani, ndipo ankautchula mokoka pang'ono kuti ndisaiwale kuti akundiseka. Chaka chino ndataya anthu awiri. Za mkazi wanga Eneles sindinathebe kulemba. Ndilemba za akuluwa.

Anabwera ndi gulu la othawa nkhondo lomwe linalowera pa Chiponde. Anali okha. Za mkazi ndi ana sankanena, ndipo wowafunsa ankangoyankhidwa kuti nkhondo ikadya siuza munthu chimene yadya. Kwawo, m'tauni ina ya ku Niassa ku Mozambique, anagwira ntchito pamalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi kuyambira nthawi ya Apwitikizi. Anagonekedwa pachipatala chathu ndi bala la kumwendo. Masiku amenewo chipatala chinali chitadzaza, odwala ena akugona pansi, ndipo thanki ya zonyansa inkasefukira m'ngalande yopita kudambo. Mphepo ikachokera kumunsi, wodi yonse inkamva mkodzo wovunda, anthu ankadya atatseka mphuno ndi nsalu.

Bala litapola, anzawo anakwera lole ya ku kampu. Iwo anapita ku ofesi ya a Nkhoma, amene ankayendetsa chipatala, n'kuwauza kuti fungolo angalithetse. A Nkhoma sakanatha kulemba ntchito munthu wothawa nkhondo. Anagwirizana pakamwa. Che Asani apatsidwa kanyumba kosungiramo makasu kuseri kwa chipatala ndi chakudya cha kukhitchini. Fungo likatha, akhala. Likabwerera, lole ya ku kampu imadutsa Lachiwiri lililonse. Kampuyo ankaiopa kuposa njala. Ankati kumeneko munthu amadzuka m'mawa osadziwa chimene wadzukira, n'kuima pamzere kudikira nyemba za eni.

Kumunsi kwa thankiyo kunali khoma la njerwa lozungulira, losiyidwa ndi azungu akale, lodzaza dothi ndi mabotolo. Anachotsa zonsezo ndi fosholo. M'munsi mwa khomalo anaboolamo mazenera aang'ono olowera mphepo, m'kati n'kudzazamo miyala yophwanya, yaikulu ngati nkhonya. Pamwamba anaikapo ngalande ya malata yobooledwa ndi msomali, kuti madzi a m'thanki azidontha ngati mvula yamawawa, kutsika pakati pa miyala, kudutsa pamchenga ndi pabango, mpaka m'kadziwe kamene anakumba kumapeto. Pamphambano ya ngalande yakale ndi yatsopano panali thabwa limodzi. Ndilo linkakhotetsera madzi kumiyala.

Miyala yophwanyayo ankati ndi yakufa. Inkafunika mbewu. Tsiku lina lole ya chipatala ikupita kunyanja ku Nkope kukagula usipa wa odwala, anapempha malo kumbuyo. Anzawo akutsatsa nsomba, iwo anapinda buluku n'kulowa m'madzi pamene mafunde amamenya, kumatola miyala yoterera yokhayokha, naikulunga m'saka yonyowa. Dalaivala anawafunsa ngati kumapiri kwatha miyala. Anamuuza kuti ayang'ane pamene asodzi amatumbulira nsomba. Ngati pali miyala ndi mafunde, mawa lake madzi amakhala oyera. Ngati ndi m'thamanda lotsekeka ndi bango, pamanunkha mpaka mvula. Kusiyana kwake ndi mphepo, ndiponso amene amakhala pamiyalapo.

Amene amakhala pamiyalawo ankawatcha aganyu awo. Ine ku koleji ndinawaphunzira ndi mayina ena. Mkodzo ndi zonse zovunda zimatulutsa amoniya, ndiye fungo loboola mphuno lija, ndipo akachuluka m'madzi amapha nsomba. Pamwala wonyowa umene ukupitidwa mpweya pamamera mabakiteriya a magulu awiri. Oyamba amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti. Achiwiri amatenga naitiraitiyo n'kumusandutsa naitireti, amene alibe fungo ndiponso alibe mtundu. Nyanja ndi mitsinje zimadziyeretsa choncho. Mabakiteriyawa amaswana mochedwa, amafa msanga mpweya ukasowa, ndipo ntchito yawo imawawasitsa madzi mpaka iwo eni kufooka. N'chifukwa chake Che Asani ankazungulira m'makhitchini ndi chitini, kupempha phulusa lothira m'madzimo kuti lichepetse kuwawasako. Nditawauza mayinawo anamvetsera mwaulemu, kenako anati mayina ndi abwino, koma aganyu sadya dzina.

Zinatenga milungu yambiri. A Nkhoma anayamba kuwakumbutsa za Lachiwiri akakumana pakhonde. Kenako m'mawa wina amayi a kuwodi ya azimayi anatsegula mazenera a kumunsi, amene anakhala chitsekere kwa zaka. Fungo linali litatha. M'kadziwe muja Che Asani anaikamo matemba ochokera mumtsinje, ndipo matembawo anakhala ndi moyo.

Adani awo anali amayi okolopa, chifukwa ankataya madzi a kulorini m'masinki.

"Mayi, mwathiranso mankhwala anu aja?"

"Nanga tisakolope? Mukufuna wodi izinunkha ngati malaya anuwo?"

"Kolopani, koma madziwo muzitaya padothi. Mwandiphera aganyu a pamwamba onse."

"Pepani wawa. Maliro ali kuti, tibwere ndi ufa?"

Ankachoka akung'ung'udza m'Chiyao, amayiwo akuseka kumbuyo. Komabe chidebe chotsatira chinkatayidwa padothi.

Anali ndi zovala ziwiri. Za ntchito sizinkalowa m'nyumba. Mkanjo woyera unkatuluka Lachisanu lokha, ndipo asanauvale ankasamba kawiri, kutsuka zikhadabo ndi kamtengo. Ngakhale choncho, kumzikiti ankaima pamzere wakumbuyo, kumapeto, ndipo nthawi zambiri pakati pa iwo ndi woyandikana naye pankatsala danga la munthu mmodzi. Sankadandaula. Chimene ankachikonda kumeneko ndi chiphunzitso chimene anachimva kwa mwalimu, chakuti madzi amaweruzidwa ndi zinthu zitatu, mtundu, fungo ndi kukoma. Ankachibwereza kawirikawiri ataima pakadziwe kawo. Ndikuganiza kuti ankamva ngati chikunena za ntchito yawo.

Popereka moni sankapereka chikhatho. Ankapinda dzanja n'kukupatsa mkono. Ankadya okha, kuseri kwa khoma, ndipo anali ndi kapu yawoyawo ya chitini. Eneles, amene anali namwino kuwodi ya ana, ndiye anakana zimenezi. Tinali titangokwatirana kumene, nyumba yathu inali yomalizira kumunsi. Masana ankawatengera tiyi m'kapu ya m'nyumba mwathu.

"Abiti Mbewe, thirani m'chitini changachi." Ankamutchula choncho, mwa Chiyao, ndi dzina la bambo ake.

"Chitini chimenecho n'chadzimbiri. Imwani apa."

"A Dotolo akadziwa, aiphwanya kapuyi."

"A Dotolo amagwira zoposa zanu mu labu muja, koma ndimadya nawo mbale imodzi."

Anamwa, koma kapuyo ankaitsuka okha ndi phulusa asanaibweze.

Che Asani ndinawaona komaliza Eneles atamwalira. Anamwalira pobereka, mwananso sanakhale. Apa n'kuti Che Asani ali ku kampu, kumene anakhalako zaka ziwiri atachoka kwathu. Uthenga unawapeza mochedwa, ndipo anafika maliro atapita kale kumudzi, ine nditabwerako. Anayenda wapansi mbali yaikulu ya njira. Anandipeza pakhonde masana. Anandipatsa chikhatho chonse, chouma, chopanda ntchito. Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha. Ananena mawu a Chiarabu amene Asilamu amanena pa imfa. Ndinawaphikira tiyi. Ponyamuka sanayang'ane kumunsi kumene kunali miyala yawo. Anazungulira njira ya kutsogolo kwa chipatala, yomwe ndi yaitali.

Chimene chinawachotsa kwathu chinachitika chaka cha chilala chachikulu chija. Zitsime zinauma. Pamudzi woyandikana ndi chipatala panali mjigo umodzi, ndipo eni mudzi ndiwo ankayamba kutunga. Amayi othawa nkhondo, amene anamanga tizisakasa m'mphepete mwa dambo pafupi ndi achibale awo, ankakhala kumapeto kwa mzere. Ikafika nthawi yawo mjigo unkatulutsa matope. Shire anali kutali. Chipatala chinali ndi pampu yakeyake, koma madzi ake ankangokwanira odwala. Choncho m'dera lonselo malo amodzi okha ndiwo ankatulutsa madzi oyera osaleka, ndiwo kadziwe ka Che Asani.

Woyamba kupempha anali Abiti Saidi, mayi wa kwawo komweko ku Niassa. Anali ndi khanda kumbuyo, ndipo mawere anali atauma ndi njala. Ankalimwetsa phala lamadzimadzi. Che Asani anayang'ana madzi awo. Mtundu analibe, fungo analibe, matemba ankasambiramo. Pakhoma la chipatala panali chithunzi chachikulu chouza anthu kuti aziwiritsa madzi akumwa. Anamuuza kuti atunge, koma awiritse mpaka abwadamuke. Sabata isanathe, pakadziwe paja panali mzere wa zidebe. Ine ndinali ku Blantyre kumaphunziro. Eneles anandiuza pambuyo pake kuti masiku amenewo akuluwa ankayenda ngati mfumu. Kwa nthawi yoyamba anthu a kwawo ankawapatsa moni poyamba, ena kuwabweretsera chinangwa.

Nditabwera, khanda la Abiti Saidi linali kuwodi. Milomo ndi zikhadabo zinali zotuwa ngati phulusa. Linkapuma mofulumira, koma chifuwa chinali choyera. Eneles anabwera yekha ndi magazi ake ku labu. Anali oderako ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo nditawagwedeza pamphepo sanafiire. Anafunsa mayiyo kumene amatunga madzi a phala. Mawa lake ndinapalasa njinga kupita pa boma kukabwereka timapepala toyezera madzi. Nditaviika kamodzi m'kadziwe, kanafiira mpaka kupitirira mtundu womaliza wa pabotolo.

Ndinawapeza akutokosa mabowo a ngalande ndi waya.

"Che Asani, amoniya uja sanapite kulikonse. Fungo ndiye latha, koma chinthucho chikadali m'madzimu, changosintha. Munthu wamkulu sichimuvuta kwenikweni. Koma khanda chimalilowa m'magazi, magaziwo n'kulephera kunyamula mpweya."

"Amawiritsatu, a Dotolo. Ndinawauza ndekha."

"Moto umapha tizilombo. Ichi si chamoyo. Madzi akamaphwa pamoto, icho chimatsala mumphika."

Anaika waya pansi. Anayang'ana kapepala kofiirako nthawi yaitali.

"Ndiye kuti aganyu anga akagwira bwino ntchito, ndi pamene mwana akutuwa?"

"Madzi awa ndi a kudimba. Chimanga chingasangalale nawo. Mwana ayi."

"Kwathu ankagwera mumtsinje waukulu," anatero. "Palibe ankatunga. Zaka zonse zija ine ndimati ndamaliza."

Khandalo linachira, adokotala analipeza nthawi ikadalipo. Koma mawu amene Che Asani anatulutsa sanathe kuwabweza. Anaima pakadziwe m'mawa, kufotokoza m'Chiyao, m'Chichewa, ngakhale m'Chipwitikizi. Ine ndi Eneles tinapita nawo. Amayiwo anamvetsera, zidebe zili m'manja.

"Munanena nokha, ambuje. Munati tiwiritse."

"Ndinalakwa, amama."

"Mwalakwa lero kapena tsiku lija? Taonani madzi ake. A pamjigo aja ndiye abwino, amatope aja?"

Wina kumbuyo anati, "Awauza eni chipatala kuti tisamamwe zaulere. Ayamba kudya ndi Amalawi awa, atiiwala."

Sindikuwaimba mlandu amayiwo. Anaphunzitsidwa kumzikiti kuyang'ana mtundu ndi fungo, anaphunzitsidwa kuchipatala kuwiritsa, ndipo zonsezo ankachita. Ife tinkawauza kuti aope chinthu chosaoneka, chosanunkha, chosafa ndi moto, pamene ana awo ankalira ludzu. Che Asani anatchinga kadziwe ndi minga. Akapita kumzikiti, minga inkapezeka itakokedwera pambali. A Nkhoma anapempha waya ndi galimoto ya madzi ku boma, yankho linali lakuti zikuonedwa. Kenako kunabwera khanda lachiwiri lotuwa. Ilo linafika mochedwa.

Tsiku lotsatira maliro a khandalo, dzuwa litakwera, amayi ali pamzere monga mwa masiku onse, Che Asani anatsika kumphambano ya ngalande. Anazula thabwa lija n'kulitsekera mbali inayo. Madzi a m'thanki, akuda bii, anasiya njira ya kumiyala n'kuthamanga m'ngalande yakale, molunjika kukadziwe. Amayi anaona mdimawo ukulowa m'madzi oyera ngati utsi. Fungo linafika pambuyo pake. Wina anaponyera Che Asani chibuma, chinawagunda paphewa. Iwo anangoima. Pofika masana matemba anali atayandama chagada, ndipo pakadziwe panalibe chidebe ngakhale chimodzi.

A Nkhoma anatsika okha, mpango uli pamphuno.

"Mukudziwa chimene mwachita? Mwatsegulira kolera dambo lonseli."

"Awa palibe angamwe, bwana. Pakamwa panga palephera. Mphuno ndiyo iwaletse."

"Ng'ombe zikamwa? Ana akasewera kumunsiku? Bwezerani thabwalo."

"Abwere kaye madzi ena."

"Ndiwatenga kuti ine? Che Asani, musandiumirize. Paja tinagwirizana chiyani?"

"Ndikukumbukira, bwana."

A Nkhoma anatuma mlonda kubwezera thabwalo. Che Asani analizulanso. Zinachitika choncho kangapo. Pakati pa zonsezi ankatunga madzi a m'thanki ndi chidebe, kukwera nawo pakhoma n'kumawaza pamiyala, pang'onopang'ono, ongokwanira kuti isaume koma osakwanira kutsika mpaka kukadziwe. Kunali kutentha kwa Okutobala. Munthu wokalamba, mwendo wa chipsera, kukwera ndi kutsika tsiku lonse kuti aganyu ake asafe, iye yemweyo atawalanda ntchito. Mazenera a kuwodi ya azimayi anatsekedwanso.

A Nkhoma sanali munthu woipa, ndipo zimene ankaopa zinali zoona. Madzi osayeretsedwa m'dambo ndi imfa ya mtundu wina. Amayi aja anabwerera kumapeto kwa mzere wa pamjigo, ena kukafukula mchenga mumtsinje wouma, ndipo chaka chimenecho ana ambiri anatsekula m'mimba. Sindingathe kunena kuti amene anapulumuka ndi angati, amene anafa chifukwa cha njira inayo ndi angati. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuwodi ya Eneles sikunabwerenso khanda lotuwa milomo. Ine ndi iye tinakambirana nkhaniyi kambirimbiri osagwirizana. Iye ankati akuluwa analondola. Ine ndinkati sindikudziwa. Mpaka lero sindikudziwa, ndipo wotsutsana naye ndilibenso.

Lole inabwera Lachiwiri. Che Asani anavala mkanjo woyera ngakhale silinali Lachisanu. Katundu wawo anakwana m'thumba limodzi la ufa. Pa amayi a kwawo palibe anabwera kudzatsazika. Kunangobwera mayi mmodzi wokolopa, uja wa maliro ndi ufa, n'kuwapatsa mtedza wokazinga m'kanyuzipepala. Ine sanandisiyire malangizo. Anangoti, "A Dotolo, kapepala kanu kaja n'kabwino. Kakanabwera kale."

Atachoka, thabwa linabwezeredwa, koma madzi sanayerenso. Panalibe wotokosa mabowo, panalibe wopempha phulusa, kulorini anabwerera m'masinki. Miyala inatsekeka ndi matope, madzi n'kuyamba kusefukira pamwamba pa khoma. Mvula itagwa chipatala chinakumba maenje awiri aakulu kumbali ina, ndipo ngalande yonseyo inasiyidwa.

Ndinatsikirako dzulo masana, koyamba chichokereni Eneles. Njira yamera chisoso mpaka m'mawondo. Malata a ngalande anatengedwa kalekale, akuti anafolera bafa la wina kumudzi. Khoma lagumuka mbali ya kudambo, ndipo miyala yatayikira panja, yoyera mbee ngati mafupa. Amisiri amene akumanga khitchini yatsopano ayamba kuituta ndi wilibala yopangira maziko, moti pakati patsala dzenje. Pamene panali kadziwe pamera mapapaya awiri onenepa modabwitsa, ndipo palibe amathyola. Kanyumba kaja kabwerera ku makasu. Chitseko chake n'chomangidwa ndi waya, ndipo poyang'ana pampata ndinaona matumba a simenti ataunjikidwa pamene pankakhala mphasa. Ndinagwada n'kukumba pansi pa mulu wa miyala, kumene dzuwa silifika, kufuna umodzi woterera. Ndinafika mpaka pamchenga. Yonse inali youma.